Mtsetse wa pa Chimwala

Galimoto inakana kulira m'mawa wa tsiku la ukwati wa Eliza.

Inali itatsukidwa kale, yoyera mbee, maliboni atamangidwa kuchokera pamphuno mpaka kumagalasi a m'mbali. Koma a Jailosi akapotokola kiyi, zii. Apotokolenso, zii. Tinyali tofiira tokha n'timene tinkayaka kuseri kwa chiwongolero.

"Batire lafa ili," anatero a Jailosi atatulutsa mutu pawindo. "Amuna inu mukuonerera chiyani? Vulani majekete, kankhani!"

Amuna asanu anavula majekete awo a ku tchalitchi n'kuwakoleka pamtengo wa gwafa. Anakankha kuchokera pankhokwe mpaka pamango. Sinalire. Anaibweza chambuyo, kuikankhanso. Sinalire. Nkhuku zinabalalika, fumbi linakuta nsapato zopolisha. A Jailosi m'katimo ankangodzigwedeza chamtsogolo ngati thupi lawo lingathandize.

"Liwiro lachepa! Mwagona ndi njala kodi? Kankhani ngati amuna!"

Nthawi inali ikuthamangira naini koloko. Ku Guilleme tsiku limenelo kunali maukwati atatu pa Misa imodzi, ndipo abambo mfumu anali atanena poyera kuti teni koloko akuyamba, wochedwa adzabwere Loweruka lina. Loweruka lina bwanji, mbuzi ziwiri zitaphedwa kale? Thobwa litadzaza migolo? Akuchimuna atanyamuka kale kwa Zulu ndi lole yodzaza anthu?

Eliza ndi mwana wanga wachiwiri. Woyamba anali Malita. Galimoto imeneyi anabwera nayo ndi Malita.

Malita sukulu anailekeza Fomu 2, chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Anayamba kugulitsa mtedza wophika pa siteji ya pa Kamwendo. Pamenepo pali a Limbani, amene ali ndi timagalimoto tiwiri tonyamula anthu. Iwowa anaona kuti mtsikanayu akagulitsa mtedza sachoka, amaima pawindo kuyang'ana manja ndi mapazi a madalaivala, n'kumafunsa mafunso mpaka ena kumuthamangitsa. Anamutumiza ku Lilongwe kukaphunzira kuyendetsa. Anabwerako ndi laisensi, a Limbani n'kumupatsa galimoto imodzi, ya otomatiki. Ukwati wa mng'ono wake utayandikira, anamubwereka yomweyo kuti anyamulire mkwatibwi. Mawu awo anali amodzi: chiwongolero asagwire wina.

Malita anafika nayo Lachisanu masana. Atatsika, anandikoka dzanja.

"Ababa, bwerani muone ofesi yanga."

Ndinakhala pampando wa kutsogolo. Pakati pa mipando panali kandodo, pambali pake zilembo zitandandalikana kutsika m'munsi: P, R, N, D, 2, L. Pansi, kumapazi a dalaivala, zopondapo zinali ziwiri zokha.

"Zilembo zachizungu izi ine zindipweteka mutu," ndinatero.

"Musaope zilembo, ababa. Ngolo mumaidziwa?"

"Iwe, wandifunsa ine za ngolo?"

Anaseka. Ankaseka ngati amake, kuphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye basi mwadziwa kale. P uyu ndi chikhomo. Mwafika, mwamanga ng'ombe, palibe kopita. R ndi pamene mumazigogoda pamphuno kuti zibwerere m'mbuyo. D ndi 'tiyeni', ulendo basi, magiya imasintha yokha, inu kwanu n'kuwongolera."

"Nanga N?"

"N ndi ngolo yomasulidwa pagoli. Pamalo osalala imakhala phee, mukhoza kuikankha ndi dzanja. Koma tayesani kuimasula pamtsetse."

"Ingandiphe."

"Eya. Tsono 2 ndi L awa, mukudziwa mmene Bulaki ndi Kapiteni amachitira potsika ndi njerwa? Amalimbitsa miyendo, n'kukhalira kumbuyo kuti ngolo isawakankhe. Ndi zimenezo. Injini imaigwira galimoto kuti isathawe. L ndiye amagwira kwambiri. Pachitunda kapena m'matope amathandizanso. Ndipo chinthu china, ababa: imalira pa P kapena pa N basi. Pena paliponse imakana, kuopa ingadumphire munthu."

Bulaki ndi Kapiteni ndi ng'ombe zanga. Ndinamuyang'ana mwanayo. Ndinangoti, "Chabwino, a dalaivala."

Koma Loweruka m'mamawa kunafika a Jailosi.

A Jailosi ndi alamu anga, mlongo wawo wa amake Malita, mwini mbumba. Anayendetsa lole ya pa esiteti ya fodya zaka sate, kututa mabelo kupita nawo ku okushoni ku Lilongwe, osagundapo ngakhale galu. Zimenezi ndi zoona, ndipo ankazinena kawirikawiri. Anabwera atavala suti yakuda ndi chipewa chawo chakale cha udalaivala. Anaizungulira galimoto kawiri, kumenya matayala ndi nsapato, kenako anatambasula dzanja.

"Malita, kiyi."

"Amalume, a Limbani ananena kuti..."

"Limbani ndinamuona akuyenda wopanda kabudula. Mwana wa mlongo wanga akukwatiwa ine ndili moyo, ndiye atengedwe ndi mtsikana? Akuchimuna adzati mbumba ino amuna anatha. Bweretsa kiyi, upite ukaveke mng'ono wako."

"Koma iyi ndi yosiyana ndi lole, amalume. Mundilole ndikuonetseni kaye pang'ono."

"Undionetse? Ine? Ndinayamba kugwira chiwongolero amako asanamere mano."

Malita anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Kwathu kuno bambo amabala, koma pa tsiku ngati limeneli mawu ndi a malume. Mkamwini amakhala ngati mlendo ngakhale atamera imvi pamudzipo. Malita anagwada, n'kupereka kiyi ndi manja awiri, n'kulowa m'nyumba.

Ndi mmene tinafikira pokankhana ndi galimoto paja.

Ulendo wachinayi wokankha, Malita anatuluka, mapini a velo ali pakamwa. Anaima pakhonde kuyang'ana. Wina akanakhala iye akanafuula pomwepo, anthu onse amve. Iye ayi. Anachotsa mapini, anapita pachitseko cha dalaivala, anagwada ngati wabwera kudzafunsa za ku ukwati. Ine ndinali pafupi, ndiye ndinamva.

"Amalume, kandodoko mwakaika pati?"

"Pa thuu. Galimoto yokankha imalira pa thuu. Ndi lamulo la dziko lonse."

"Iyi mungaikankhe mpaka ku Chipata, siilira. Batire lili bwino. Pondani buleki, mukankhire kandodoko m'mwamba mpaka pa P, ndiye mupotokole."

"Ukundiphunzitsa?"

"Ayi amalume. Ndikungonena khalidwe lake la iyoyi. Ndi yamwano."

A Jailosi anaguguda kukhosi. Anayang'ana amuna aja, amene anali atagwira m'mawondo, thukuta kamukamu. Kenako dzanja lawo linayenda mwakachetechete. Kandodo kanakwera. Kiyi anapotokoka. Injini inalira nthawi yomweyo, mofatsa ngati mphaka.

"Mwaona!" anafuula a Jailosi. "Kukankha kuja kwadzutsa batire!"

Amuna anaomba m'manja. Malita anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo. Anangopita kukatulutsa mkwatibwi.

Eliza anakhala kumbuyo, diresi lake litadzaza mpando, ine nditapanikizika pakona. Malita anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pambali pa amalume ake.

"Iwe bwanji sukhala kumbuyo ndi mnzako?"

"Diresi lingakwinyike, amalume."

Azimayi anali atanyamuka kale pangolo yanga, woyendetsa ali mng'ono wanga Alufeyo. Munali amake Malita, azakhali ake, ndi azimayi a kwaya, anthu ngati khumi ndi awiri. Tinkadziwa kuti tiwapeza panjira.

"Magiya ake ali kuti tsono?" anafunsa a Jailosi motsitsa mawu.

"Pondani buleki, mukokere pa D. Basi. Mukachotsa phazi iyamba yokha."

Inayambadi yokha. A Jailosi anaseka. "Zoseweretsa ana izi. Ngakhale nkhuku ikhoza kuyendetsa."

Tinayenda bwino mpaka pachigayo, pamene msewu umakhota. Pamenepo dzanja lawo linapita pakandodo mwachizolowezi, phazi lamanzere linanyamuka kufuna kilachi, n'kuponda ndi mphamvu ya pa lole. Chimene linapeza ndi buleki. Galimoto inaima gwa! Ine mphumi pampando. Eliza anapsompsona mtsamiro wa mpando wa Malita n'kusiyapo milomo yofiira.

"Mayo ine! Amalume, mundiphera pa tsiku langa?"

"Kilachi anaiika kuti anthu amenewa?" anakalipa a Jailosi akusuzumira kumapazi.

"Mulibe, amalume. Zopondapo ndi ziwiri, zonse ndi za phazi lamanja. Lamanzerelo lipatseni penshoni. Lipindeni kumbuyo lipume."

Eliza anaseka misozi ili m'maso. Ine ndinatsokomola kuti ndibise kuseka kwanga. A Jailosi sanaseke, koma phazi analipinda.

Kuchoka pachigayo msewu umakwera pang'onopang'ono mpaka pamwala waukulu umene timautcha Chimwala. Ukadutsa mwalawo umayamba mtsetse wautali, wa timiyala toterera, wotsikira kudambo. Kumunsi kwake kuli kamlatho ka matabwa kopanda zotchinga m'mbali, kokwana ngolo imodzi. Uku ndi uku ndi phompho la msinkhu wa munthu, pansi pake madzi ndi matope akuda.

Tikuyandikira mwalawo, a Jailosi anagogoda galasi la kutsogolo kwawo ndi chala.

"Kasingano ka mafuta kagona. Mafuta akusowa m'dziko muno, inu ana mumangowotcha."

"Atikwanira, amalume. Mukadutsa mwalawu mukokere pa 2, kumunsi kuja pa L."

"Pa L? Injini izilira ngati chigayo, kumwa mafuta potsika? Taona mmene timachitira ife akale. Mtsetse ndi mafuta a Mulungu."

Malita asanatsegule pakamwa, a Jailosi anapotokola kiyi chambuyo. Injini inazima.

Munagwa bata m'galimotomo. Tinkangomva timiyala tikulira kunsi kwa matayala.

"Amalume, lizani injini."

"Khala phee. Pa lole ndachita zimenezi kambirimbiri. Kumunsi ndikailowetsa giya, ilira yokha."

"Iyi siitero. Chonde lizani."

Galimoto inayamba kuthamanga. Mitengo ya m'mbali inayamba kudutsa msanga. A Jailosi anaponda buleki, inagwira. Anasiya. Anapondanso, inagwira pang'ono. Kachitatu ndinaona mwendo wawo utawongoka, msana utakanikiza mpando, koma chopondapo sichinatsike.

"Yauma! Buleki yauma ngati mwala!"

"Mphamvu yake imachokera ku injini. Lizani!"

Tinatulukira pakona pa mtengo wa mkuyu, ndipo tonse tinaona. Ngolo inali ikungolowa pamlatho. Azimayi atavala zitenje zofanana, akuimba, akuomba m'manja, misana atatipatsa ife. Alufeyo ali kutsogolo ndi chikoti. Panalibe popatukira. Chiwongolero nachonso chinali chitalemera, a Jailosi akulimbana nacho ndi manja awiri ngati akupotokola khosi la ng'ombe.

Anapotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Zii, ngati m'mawa muja.

Eliza anakuwa. Ine ndinayamba kupemphera Tikuoneni Maria.

Dzanja la a Jailosi linapita pahutala.

"Hutala ayi! Kapiteni amadzidzimuka, agwetsera ngolo m'madzi!"

Dzanja linachoka pahutala n'kugwira kandodo. Ndinaona akufuna kukakankhira m'mwamba mwenimweni, pa P paja, pamene anamva kuti ndi poimira.

Apo Malita anachita chimene mwana wa kwathu sachita. Anawagwira amalume ake pamkono, kuwafinya, n'kuchotsa dzanja lawo.

"P ayi! Ikuyenda, muthyola zonse, ndipo siima! Gwirani chiwongolero, kuno ndisiyireni ine!"

Mawu ake sanali a mwana amene anagwada m'mawa uja. Anali a munthu amene ali pantchito yake. Anakankha kandodo kamodzi kokha, kuchoka pa D kufika pa N.

"Tsopano lizani!"

A Jailosi anapotokola. Injini inalira.

"Buleki! Phazi lamanja! Pondani osasiya, koma musamenye, ingatembenuke!"

Chopondapo chinatsika. Malita anakokera kandodo pa D, kenako pa 2. Injini inabangula, ndipo ndinamva m'thupi mwanga chinthu chimene ndimachidziwa bwino: kukhalira kumbuyo kuja kwa ng'ombe zikamakana kukankhidwa ndi ngolo. Timiyala tinkaulukira m'mbali. Malita dzanja lili pakandodo, maso ali pakasingano ka liwiro, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Anadikira. Ine ndinkafuna kukuwa kuti koka, mwanawe, koka! Iye anadikirabe mpaka liwiro litatsika, ndiye anakokera pa L.

Galimoto inagwada. Inakwawa. Inaima.

Kuchokera pamphuno ya galimoto kufika pathabwa la kumbuyo kwa ngolo panatsala malo oti munthu mmodzi adutse chammbali. Fumbi lathu linatipitirira n'kukawakuta azimayi.

"Musachotse phazi," anatero Malita, mawu atabwerera mwakale. Anakankhira kandodo pa P, anakoka handibuleki. "Tsopano chotsani. Yamangidwa pachikhomo."

Anatembenuka n'kukonza velo ya Eliza imene inali itagwera kumaso.

Azimayi pangolo sanadziwe chimene chachitika. Iwo anangomva kubangula kwa injini, kucheuka n'kuona galimoto ya mkwatibwi itaima bwinobwino kumbuyo kwawo, maliboni akuuluka. Anayesa ndi matama a dalaivala. Nthungululu zinalira dambo lonse. Alufeyo atawolotsa ngolo n'kuiimika pambali, azimayi anatsika akuvina, kubwera kudzazungulira galimoto.

"Dalaivala ndi ameneyu!"

"Achimwene anga awa!" anafuula amake Malita. "Kuima ngati ayeza ndi chingwe! Zaka sate si masewera!"

A Jailosi anatsegula chitseko. Anatsitsa phazi limodzi, kenako linalo. Anakhala pomwepo pakhomo pa galimoto, chipewa chili m'manja. Anayang'ana mlongo wawo, amene ankavina patsogolo pawo. Anayang'ana phompho la pamlatho. Anayang'ananso mlongo wawo.

Malita anali chete pampando wake. Ndikudziwa kuti akanakhala chete mpaka lero. M'mawa anawasiyira ulemu wa batire, ndipo apanso akanawasiyira.

"Lekani," anatero a Jailosi.

Azimayi sanamve, anapitiriza kuimba.

"Ndati lekani!"

Nyimbo inaduka.

"Mukuvinira munthu wolakwika. Ine ndinazimitsa injini pamtsetse. Ndikanakuphani nonse, kuyambira iwe mlongo wanga. Amene waimitsa galimotoyi ndi uyo." Analoza ndi chipewa. "M'mawanso batire silinafe. Ndine amene sindinkadziwa."

Ng'ombe imodzi inapumira m'mphuno.

A Jailosi anadzuka pogwira chitseko. Anazula kiyi, anazungulira kutsogolo kwa galimoto, n'kutsegula chitseko cha Malita. Anapereka kiyi uja ndi manja awiri, mmene Malita anawapatsira m'mawa.

"Mayi, tengani galimoto yanu. Mutifikitse."

"Amalume, ndinakugwirani pamkono. Mundikhululukire."

"Ukanapanda kugwira, bwenzi pano tikukhoma mabokosi. Tsika, nthawi yatha."

Eliza anasuzumira pafoni yake. "Kwatsala maminitsi twente! Malita, ngati ndikagone kwathu lero, sindidzakulankhulanso!"

Malita anakhala pachiwongolero, anakokera mpando kutsogolo chifukwa anali wamfupi. Anaponda buleki, analiza injini pa P, anakokera pa L, tinawoloka mlatho pang'onopang'ono matabwa akulira. Anakwera chitunda cha kutsidya pa 2, pamwamba anakankhira pa D. Sanathamange mopusa ngakhale Eliza ankamukankha paphewa. A Jailosi anakhala pambali pake, chipewa pamwendo, maso pa dzanja la mwanayo. Pena ankafunsa motsitsa mawu.

"Apa wachotseranji pa thuu?"

"Chitunda chatha, amalume. Tsopano izisankha yokha."

"Nanga ukafuna kubwerera m'mbuyo?"

"Muime kaye, iimiretu, phazi pabuleki, ndiye R. Mukailowetsa ikuyenda mumaipweteka m'mimba."

"Hmm," anatero a Jailosi. "Yamwano zoona."

Tinalowa pa Guilleme belu likulira. Akwatibwi awiri ena anali ataima kale pakhomo la tchalitchi, ndipo mkwati wathu, Kwacha, ankangoyendayenda atagwira tayi. Akuchimuna ataona mtsikana akutsika ku mpando wa dalaivala anayamba kunong'onezana. Mkulu wina wa kwa Zulu anawayandikira a Jailosi.

"Bwanji akulu, amuna oyendetsa anasowa kwanuko?"

"Alipo," anayankha a Jailosi akuvala chipewa. "Koma pa tsiku lalikulu timatulutsa katswiri."

Ukwati unamangidwa. Ngolo inafika Misa ili pakati, azimayi analowa akuyenda chonyang'ama, koma malumbiro anawapeza.

Lolemba lake a Jailosi anapalasa njinga mpaka pa Kamwendo. Anakapepesa kwa a Limbani pamaso pa madalaivala onse a pa siteji. Kenako anapempha chinthu chimodzi: kuti Lamlungu masana, galimoto ikakhala ilibe ulendo, Malita aziwaphunzitsa pabwalo la mpira. Anyamata a kabaza ankabwera kudzaonerera nkhalamba ya zaka sate pamsewu ikuzungulira zigoli, mtsikana wa mtedza akuiuza kuti, "Phazi lamanzere, amalume! Labwereranso ku ntchito!" Ankaseka mpaka kugwa panjinga. A Jailosi analibe nazo kanthu. Anayamba kumutchula Malita kuti aphunzitsi, poyamba mwanthabwala, kenako linangokhala dzina. Mdzukulu wawo wamkazi atamaliza Fomu 4, anamutengera okha kwa Malita kuti amuphunzitse kuyendetsa.

Malita anayendetsa zaka zitatu. Odwala, amayi apakati, ana a sukulu, amalonda a ku boda, onse ankadikira galimoto yake ngakhale ina itadzaza kale n'kunyamuka. Sanagundepo ngakhale nkhuku.

Chaka chatha, mtedza uli pamaluwa, anayamba kudandaula mutu. Tinayesa malungo wamba. Masiku asanu okha m'chipatala cha pa boma, basi, anatisiya.

Manda athu ali kutsidya kwa dambo. A Limbani anatumiza galimoto yomwe ija, mipando ya kumbuyo atapinda kuti bokosi likwane. Madalaivala a pa Kamwendo anabwera onse, aliyense akufuna kuti amunyamule ndi iye. A Jailosi sanakangane ndi munthu. Anangopita kwa a Limbani, chipewa m'manja, n'kupempha kiyi. A Limbani anawapatsa.

Ine ndinakhala kutsogolo, pampando umene anandikhazika tsiku lija pondionetsa ofesi yake. Kumbuyo kwa galimoto kunali anthu ambirimbiri apansi, azimayi a kwaya akuimba. Eliza anali pakati pawo, mwana ali kumsana.

Titafika pa Chimwala, a Jailosi anaima. Pamsewu panalibe ngolo, panalibe kanthu. Phazi lamanzere linali litapindidwa kumbuyo. Lamanja linali pabuleki. Anagwira kandodo, anakakokera pansi mpaka pa L. Kenako anacheuka kuyang'ana bokosi.

"Aphunzitsi," anatero, "tayamba kutsika. Injini ikulira."

Tinatsika mtsetse wonse pa liwiro la munthu woyenda pansi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsalira m'mbuyo.